Nambala yoyamba: zolemba zanga pa mtengo wa malo oyeretsera madzi

Sabata 1, Lolemba

Ndayamba kulemba zimenezi kuti tsiku lina wina akadzafunsa kuti nambala ija inachokera kuti, yankho lidzapezeke papepala, osati m'mutu mwanga. Ntchito yake ndi iyi: dipatimenti ina ya boma ikufuna kumanga malo atsopano oyeretsera madzi, oti azitulutsa madzi owirikiza kawiri poyerekeza ndi malo amene inamanga zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pulani palibe, chojambula palibe, nthaka sinapimidwe. Chimene chilipo ndi kalata ya masamba awiri basi, komanso tsiku lomaliza loperekera pempho la bajeti, Lachisanu la sabata yachitatu. Ine andipatsa funso limodzi lokha: ntchitoyi idya ndalama zingati?

Ndalama zenizeni sindizilemba pano. Tenda isanatuluke, mtengo umene boma likuyembekezera timausunga mwachinsinsi, chifukwa ukangodziwika makontrakitala onse amaunjikana pa nambala yomweyo ndipo mpikisano umafa. Choncho ndalama zonse zimene boma linalipira pa malo akale aja ndizitcha 100, ndipo manambala ena onse muziwawerenga moyerekeza ndi 100 ameneyo.

Kuyerekezera mtengo koyambirira kotereku pantchito timakutcha ROM, chidule cha rough order of magnitude. Ntchito yake n'kutiuza ngati tikukamba za mbuzi kapena za ng'ombe. Kulemera kwa chiwetocho kumadziwika pambuyo pake.

Sabata 1, Lachitatu

Masiku awiri ndakhala m'chipinda cha mafayilo, ndipo sindikudandaula. Aliyense amene ndinamufunsa za malo akale aja anandiuza mtengo wa 81, poti ndi umene unalengezedwa pa tsiku losainirana kontrakiti. Koma nditasonkhanitsa masatifiketi onse olipirira, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, ndalama zinakwana 100. Zowonjezerazo zinapita ku thanthwe limene anakumana nalo pokumba, ku nthambo za magetsi zimene sizinali m'pulani, ndi ku chipukutamisozi cha kontrakitala pa miyezi imene anakhala akudikira zojambula. Ndikanayambira pa 81, zonse zimene ndikanamanga pamwamba pake zikanaperewera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena pafupifupi pamenepo. Anthu amakumbukira mtengo wa pa mwambo wosainirana. Mtengo womaliza umagona m'fayilo.

Tsopano kuwerengera. Malo owirikiza kawiri sadya ndalama zowirikiza kawiri. Thanki yaikulu sifuna konkire wochuluka molingana ndi madzi amene yasunga, pakuti makoma amakula pang'onopang'ono kusiyana ndi mimba ya thankiyo. Labotale imakhalabe imodzi, ofesi imodzi, msewu wolowera umodzi. Mainjiniya a m'mafakitale a mankhwala anaona zimenezi kalekale ndipo anapanga lamulo la 0.6: umatenga kukula kwatsopano n'kugawa ndi kwakale, zotsatirazo n'kuzikweza ku mphamvu ya 0.6. Pa kuwirikiza kawiri pamatuluka 1.52. Ndiye 100 wasanduka 152.

Kenako kukwera kwa mitengo. Ndinatenga ziwerengero za boma za mitengo ya zomangamanga pa zaka zisanu ndi chimodzizi, zimene zandipatsa 1.3, ndipo 152 wafika pa 198. Ndalemba pambali kuti lamulo la 0.6 limagwira pa matanki, mapampu ndi zosefera, koma siligwira pa mapaipi a mtunda wautali. Kilomita yachiwiri ya paipi imadya ngati yoyamba.

Sabata 1, Lachisanu

Msonkhano wa lero wandilemera. Nditangotchula 198, abwana anatukula mutu n'kunena kuti, "Koma inu, kulikulu akudziwa za 120. Nanga 198 yachokera kuti?"

Ndinafunsa mwaulemu kuti 120 anachokera kuti. Palibe anayankha msanga. Pomaliza bambo wina wachikulire wa m'gawo la mapulani anakumbukira kuti chaka chatha, pa msonkhano wina, anafunsidwa mwadzidzidzi, ndipo anangotenga 81 n'kuwonjezera theka lake. Sanalakwe, anayankha zimene akanatha m'mphindi imodzi. Vuto n'lakuti nambalayo inalowa m'maminitsi, kuchoka m'maminitsi inalowa m'kalata, ndipo lero ikuoneka ngati inawerengedwa ndi akatswiri. Tsopano 198 wanga, amene ndamuvutikira masiku atatu, ndi amene akuoneka wokayikitsa.

Zimenezi si za ofesi ino yokha. Mu 1974 Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ndimamukumbukira nthawi zonse. Ankazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, kenako n'kuwafunsa kuti mayiko a mu Africa ndi maperesenti angati mwa mamembala a United Nations. Amene gudumu linawaimira pa 10, yankho lawo lapakati linali 25. Amene linawaimira pa 65, linali 45. Gudumulo linalibe chochita ndi funsolo, komabe nambalayo inawakoka. Ngati nambala ya gudumu imakoka chonchi, kuli bwanji nambala ya m'kalata yokhala ndi chidindo cha boma?

Ndapempha kuti andilole kuwerengera kachiwiri pogwiritsa ntchito njira ina yosiyana kotheratu, kuti tione ngati ziwirizo zikumane. Abwana avomera.

Sabata 2, Lolemba

Ndinapita kukaona malo akale aja ndi maso anga, ndipo ndapeza cholakwa changa. Bambo amene amayendetsa makina kumeneko ananditengera kuseri n'kundionetsa maiwe oumitsira matope amene amatsala madzi akasefedwa. "Awa anamangidwa patatha chaka," anatero, "ndi kontrakiti ina. Poyamba ankaganiza kuti matope tizingowathira m'khwawa." Ndiye kuti maiwewo sali mu 100 wanga, ndipo sali mu 198. Ndinawerenga fayilo imodzi n'kuyesa kuti ndaona ntchito yonse. Safunsa anadya phula. Ndawonjezera 14, ndipo njira yoyamba yaima pa 212.

Ndawapempha bambowo kuti adzaone pepala langa lomaliza lisanapite. Iwo amadziwa zimene zinasowa pa tsiku loyamba lotsegulira madzi, zinthu zimene fayilo siinalembe.

Sabata 2, Lachinayi

Njira yachiwiri ikuyambira pa mitengo ya zida zikuluzikulu: mapampu, zosefera, makina othirira mankhwala, zida za magetsi. Kuti ndiipeze ndinafunika kufunsa ogulitsa, ndipo pamenepa mpofunika kusamala, chifukwa ndalama ndi za boma. Sungaimbire kampani imodzi mwakachetechete n'kuiuza zimene zikubwera. Mawa pa tenda enawo adzanena kuti inayamba kuthamanga mpikisano usanayambe, ndipo adzakhala akunena zoona. Choncho tinapita kudzera ku ofesi yoona zogula, tinalemba kalata imodzi yofanana kwa makampani asanu, ndipo tinaiikanso poyera kuti wina aliyense ayankhe. Pamwamba pake tinalemba mawu akuluakulu kuti iyi si tenda, kuyankha sikupatsa munthu mwayi uliwonse, ndipo kusayankha sikumuchotsera kanthu. Ku United States kalata yotere amaitcha RFI, chidule cha request for information, ndipo malamulo awo ogulira zinthu za boma amanena momveka kuti yankho la RFI si mtengo umene boma lingaulandire n'kupanga nawo kontrakiti.

Atatu ayankha. Mayi wina wa kampani ya mapampu anayamba waimba foni asanalembe kanthu. Anati, "Achimwene, tikupatsani, koma mutilonjeze kuti simudzatigwira nayo pakhosi." Anafotokoza kuti kwina anapereka ROM mwa mtima wabwino, ndipo patatha zaka ziwiri, pa tenda yeniyeni, zofunika zitasintha, mitengo itakwera, anafunsidwa chifukwa chimene mtengo wawo unasiyanirana ndi umene anatchula kale, ngati kuti anagwidwa akuba.

Ndawamvetsa kwambiri mayiwa, ndipo nkhani yawo yandiganizitsa usiku wonse. Wogulitsa amene anapsapo chonchi amachita chimodzi mwa ziwiri. Amakweza nambala kuti adziteteze, ndiye boma limaona ngati ntchito ndi yodula kuposa mmene ilili, mwina n'kuisiya. Kapena amaitsitsa dala kuti ntchito ivomerezedwe, podziwa kuti ikangoyamba palibe adzaisiye pakati, ndipo zotsalazo adzazitolera m'zosintha za pa kontrakiti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira zonse ziwirizi woluza ndi wokhoma msonkho, ndipo gwero lake ndi limodzi: ife a mbali ya boma timapempha nambala yongoyerekezera, kenako timaisandutsa lonjezo. Ndinawauza mayiwo kuti alembe mtengo wotsika ndi wokwera, ndi zonse zimene akuganizira, ndipo kuti dzina la kampani yawo silioneka pa pepala lopita kulikulu.

Zida zonse zakwana 56. Kuchoka pamenepo ndagwiritsa ntchito nzeru ya Hans Lang, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anasonyeza kuti mtengo wa fakitale yonse ungapezeke pochulukitsa mtengo wa zida zikuluzikulu ndi nambala imodzi: 3.10 pa mafakitale a zinthu zolimba, 3.63 pa osakaniza, 4.74 pa a zamadzimadzi. Manambala akewo anali a mafakitale a mankhwala, kotero sindinawatenge mmene alili. Ndinabwerera ku malo akale aja, kuphatikizapo maiwe a matope, ndipo ndinapeza kuti kumeneko mtengo wonse unali pafupifupi kanayi mtengo wa zida. Ndiye 56 kuchulukitsa ndi 4 ndi 224.

Njira ina yandipatsa 212, ina 224. Palibe imene yayandikira 120. Ndatenga 220.

Sabata 3, Lolemba

Lero ndalimbana ndi malire, kutanthauza pamene mtengo ungatsike kufika ndi pamene ungakwere kufika, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Kunena kuti 220 n'kusiya pomwepo ndi kunama, ngakhale masamu onse ali olondola, chifukwa munthu womva amaganiza kuti mwina zifika 215, mwina 225. Zoona zake n'zakuti sitikudziwa chimene chili pansi pa nthaka, sitikudziwa kumene magetsi adzachokere, ndipo chojambula n'chimodzi chomwe palibe.

Bungwe la akatswiri owerengera mitengo ya ntchito la AACE International limagawa kuyerekezera mtengo m'magulu asanu, malinga ndi mmene pulani yakhwimira. Gulu 5 ndi la pamene pulani ili pakati pa 0 ndi 2 peresenti, ngati ifeyo panopa. Pamenepo mtengo weniweni ungatsike ndi 20 mpaka 50 peresenti, kapena kukwera ndi 30 mpaka 100 peresenti. Gulu 1, pamene zojambula zatsala pang'ono kutha kapena zatha, malire amapanikizika kufika pa 3 mpaka 10 peresenti kunsi ndi 3 mpaka 15 peresenti kumwamba. Bungwe la akatswiri oyendetsa mapulojekiti la PMI nalo limaika ROM pakati pa kutsika ndi 25 peresenti ndi kukwera ndi 75 peresenti. Ine ndasankha 30 kunsi ndi 60 kumwamba, poti tili ndi malo ofanana oti tiyerekezere nawo koma nthaka ndi yachilendo. Mozungulira, ndi 150 mpaka 350.

Mnzanga wachinyamata wa mu ofesi anafunsa chifukwa chimene mbali yakumwamba yatalikira kuposa yakunsi. Funso labwino kwambiri. Zimene timaiwala pachiyambi zimakhala zowonjezera, osati zochotsera. Palibe amene amaiwala kuti chinthu china sichidzafunika; timaiwala maiwe a matope. Mu 2002 Bent Flyvbjerg ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa mapulojekiti 258 a zamtengatenga, ndipo anapeza kuti pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse anadya ndalama zoposa zimene zinayerekezeredwa. Njanji zinapyola ndi 45 peresenti, milatho ndi njira zodutsa pansi pa nthaka ndi 34, misewu ndi 20, kutengera pakatikati. Iwo anati kulakwitsa kopendekera mbali imodzi chonchi, kwa zaka makumi ambiri osasintha, sikungakhale ngozi chabe. Pena nambala imatsitsidwa dala kuti ntchito idutse.

Ndinamuuzanso za Sydney Opera House, nyumba yochitiramo zisudzo ndi zoimbaimba ku Australia. Mu 1957 inayerekezeredwa pa ndalama zofanana ndi madola a ku Australia 7 miliyoni, ntchito inayamba mu 1959 zojambula zisanathe chifukwa boma la New South Wales linkafulumira, ndipo pomwe inkatsegulidwa mu 1973 inali itadya 102 miliyoni. Nyumbayo ndi yokongola, koma nambala yoyamba ija inaperekedwa anthu asanadziwe n'komwe mmene denga lake lidzamangidwire.

Sabata 3, Lachitatu

Fomu ya pempho la bajeti ili ndi bokosi limodzi. Sililandira 150 mpaka 350. Limafuna nambala imodzi.

Ndakhala maola awiri ndi mayi oyang'anira za bajeti. Ndinalowa ndili wokonzeka kukangana, koma ndatuluka nditaphunzira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, zonse mwanenazi ndazimva. Koma ine sindingagawe ndalama za mwina. Ndikalemba 350, ndatsekera ndalama zimene zikanagwira ntchito ina chaka chomwecho. Ndiponso ndinaona kale: ndalama ikangoikidwa m'manja mwa pulojekiti, imatha ndithu, ifunike isafunike."

Sindinathe kuwatsutsa. Ndinawaonetsa mmene a Treasury, unduna wa zachuma wa ku United Kingdom, amachitira. M'malangizo awo a Green Book amauza madipatimenti kuti pa nambala yoyambirira aziwonjezera maperesenti ochotsera chiyembekezo chopitirira muyeso, zimene amazitcha optimism bias. Manambalawo anachokera pa kafukufuku wa kampani ya Mott MacDonald wa mu 2002: mpaka 24 peresenti pa nyumba wamba, 44 pa zomangamanga wamba monga misewu, 66 pa zomangamanga zachilendo, ndi mpaka 200 pa zida ndi makina ofunika kupangidwa mwatsopano. Maperesentiwo amatsika pamene zokayikitsa zikuchotsedwa chimodzichimodzi. Tikatengera 44, ife tingalembe 317. Mayiwo anapukusa mutu.

Tagwirizana chonchi. M'bokosi mulowa 220. Pa mzere wina padera palowa 65 wa zogwa mwadzidzidzi, zimene timangoti contingency, ndipo ndalama imeneyo ikhala m'manja mwa ofesi ya bajeti. Pulojekiti siiona pokhapokha itabwera ndi chifukwa cholembedwa. Zonse pamodzi ndi 285. Sizikufika pa 350, ndipo ndawauza poyera kuti mpata woti tidzapyole 285 ulipo ndithu. Iwo avomera kuti mawu amenewo alembedwe.

Chimene ndasangalala nacho kwambiri n'chaching'ono: avomera kutulutsa 3 chaka chino chomwe, wopimira nthaka ndi kujambula pulani yoyambirira. Malire aakulu sachepa ndi kukambirana. Amachepa ukaboola pansi n'kuona.

Sabata 3, Lachisanu

Pempho lapita. Kumbuyo kwa fomu ndamata tsamba limodzi, ndipo ndaumirira kuti likhale limodzi lokha kuti liwerengedwe. Likunena kuti iyi ndi ROM ya gulu 5, kuti malire ndi 150 mpaka 350, kuti mitengo ndi ya mwezi uno, kuti kugula malo, msonkho ndi mapaipi opita kwa anthu sizili m'kati, kuti ndaganizira nthaka yolimba bwino ndi magetsi apafupi, ndiponso kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi nambalayi isagwiritsidwenso ntchito isanawerengedwe mwatsopano. Bambo a ku malo akale aja analiwerenga ndipo anawonjezera chinthu chimodzi: jenereta. Inali kale m'zida za magetsi, koma ndailemba poonekera.

Za 120 abwana alembera kulikulu okha kufotokoza kumene anachokera. Ndawathokoza, chifukwa kalata yotere si yophweka kuilemba.

Sabata 6

Palibe chatsopano kupatula kuti oboola nthaka afika ndipo ayamba.

Sabata 10, Lachiwiri

Lipoti la nthaka labwera. Mbali imene matanki akuluakulu ayenera kukhala ili ndi dongo lofewa lakuya, ndipo madzi apansi ali pafupi. Maziko wamba sakwanira. Pafunika kukhoma mizati ya konkire mpaka pa nthaka yolimba, komanso kupopa madzi nthawi yonse yokumba. Injiniya wa zomangamanga anayesa kusuntha matankiwo kupita kumtunda, kumene nthaka ili bwino, koma kutero kukufuna kupopa madzi kukwera nawo tsiku lililonse kwa moyo wonse wa malowo, ndipo magetsi ake angadye kuposa mizatiyo. Tasankha mizati.

Nkhani yabwino ndi yakuti kampani ya magetsi yatsimikiza kuti nthambo zake zikudutsa pafupi, monga ndinaganizira, ndipo pulani yoyambirira yatipatsa kukula kwenikweni kwa matanki, kotero konkire ndi zitsulo ndawerengera kuchokera pa chojambula, osatinso pa lamulo la 0.6.

Nambala yatsopano ndi 250. Takwera ndi 30, koma malire apanikizika: tsopano tili m'gulu 4, ndipo ndaika 20 peresenti kunsi ndi 30 kumwamba, kutanthauza 200 mpaka 325. Pa 65 uja, 30 wapeza kale ntchito, watsala 35. Mtima wanga uli m'malo pa chinthu chimodzi: dongolo talipeza ndi 3 wa kupima, osati kontrakitala ali kale pamalo, makina ake ataima, akuwerengera boma tsiku lililonse.

Sabata 10, Lachisanu

M'mawa ndaona kalata yochokera kulikulu yopita ku ofesi ina, yonena za pulojekiti yathu. Yalemba kuti "mtengo wa ntchitoyi ndi 220." Malire palibe, contingency palibe, tsamba langa lija silinatchulidwe. Pangodutsa masabata asanu ndi awiri.

Ndalembera mlembi wake mwaulemu, ndatumizanso tsamba loyamba lija pamodzi ndi latsopano la 250, ndipo ndapempha kuti kalatayo ikonzedwe isanapite patsogolo. Mayi a bajeti ndawapatsa kope, ndipo ayankha kuti aimba foni okha. Pa tsamba latsopanoli malire ndawalemba pa mzere womwewo ndi nambala, m'chiganizo chimodzi, kuti wokopera avutike kuzilekanitsa.

Lolemba oyeza malo ayamba kuyenda njira ya paipi yotengera madzi kumtsinje. Akamaliza ndidzawerengera kutalika kwake ndi malo owolokera msewu, kenako tidikire zojambula zifike pa gawo loti tilowe m'gulu 3.